Chikhodzodzo changa chimamva kulira kwa foni

Buku langa la kuchipatala linadzaza m'chaka chimodzi ndi theka. Mukalitsegula mupeza zolemba za anthu osiyanasiyana koma nkhani yake ndi imodzimodzi: UTI (matenda a tizilombo m'njira ya mkodzo), ciprofloxacin. UTI, nitrofurantoin. UTI, kenako chizindikiro cha funso. Mkodzo wanga anauyeza kasanu ndi kawiri, ndipo tizilombo anatipeza ulendo woyamba wokha, kumayambiriro kwa 2023. Maulendo ena onsewo labu imabweza pepala loyera, ine n'kubwerera kunyumba ndi mapiritsi a matenda amene sanapezeke.

Ululu wake umakhala pansi pa mchombo, pachinena, ngati wina waika khala lamoto m'kati n'kulitsindika ndi chala. Chikhodzodzo chikamadzaza, khalalo limayaka. Ndikataya madzi limazilala kwa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, kenako layambiranso. Masiku oipa ndinkapita kuchimbudzi maulendo oposa 20 masana okha, usiku kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Zotuluka zake, tisanamizane, sizikanadzaza ngakhale kapu ya tiyi.

Ndine mphunzitsi wa Biology pa sekondale ina yoyendera kuno ku Blantyre. Piriyodi imodzi ndi mphindi 40, ndipo ine sindinkaimaliza. Ndinkalemba notsi pabolodi, n'kunena kuti "koperani izi, ndikubwera." Patapita miyezi ndinamva kuti ana a Fomu 3 anandipatsa dzina: Madamu Ndikubwera. Ndinaseka nawo, nanga ndikanatani.

## "Ndi maganizo chabe, mayi"

Poti ndinakulira kusamba mumtsinje wa Lisungwi, achipatala anayamba n'kuganizira likodzo, ndipo anachita bwino. Kwathu kuno munthu amene akumva kuwawa pokodza, makamaka ngati akuona magazi, ayenera kuyezedwa likodzo asanakambe zina zonse, chifukwa mazira a nyongolotsi ya likodzo amakanirira pakhoma la chikhodzodzo n'kumalipweteka kwa zaka. Mazira sanawapeze, koma praziquantel, mankhwala a likodzo, ndinamwabe. Anandiyeza shuga, anandiyeza matenda opatsirana pogonana, zimene zinabweretsa sabata yathunthu yosayankhulana ndi bambo a kunyumba. Sikani inaonetsa impso zabwinobwino, chiberekero chabwinobwino.

Tsiku lina wachipatala wina wachinyamata, atasanthula buku langa lonse, analitseka n'kundiyang'ana mwachifundo.

"Mayi, inu mulibe matenda. Ndi maganizo chabe amenewa. Muzichepetsako kuganiza."

Ndinatuluka m'chipindamo makutu akutentha. Munthu ndikulephera kugona, zovala zam'kati ndikuyenda nazo zosinthira m'chikwama, maso anga akudziwa chimbudzi chilichonse cholipira kuchokera ku Limbe mpaka ku Wenela, wina n'kumati ndi maganizo? Kwa ine zinamveka ngati akuti ndikunama, kapena mutu wayamba kusokonekera. Azakhali anga anati tikaombeze. Amayi a kumpingo anabwera kudzapemphera, ndipo ndimawayamikira, chifukwa ndi okhawo amene sanandifunse ngati zikundiwawadi.

Zoti ndinali ndi maganizo sindikukana. Ndinatenga ngongole ku banki m'khonde kuti ndiyambe kuoda zitenje ku Tanzania, poti malipiro a uphunzitsi mukuwadziwa. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo ndalama imene ndinasunga yokaodera katundu inasanduka yogulira theka. Kuti ndibweze ku banki m'khonde ndinapita kwa wakatapila. Kuti ndibweze kwa wakatapila ndinapita kwa mnzake. Bambo a kunyumba ntchito inali itatha, mng'ono wanga amayembekeza fizi kwa ine. Koma zonsezi ndinkaziika mumphika wina, chikhodzodzo mumphika winanso. Ngongole ndi ngongole, matenda ndi matenda.

## Pa Zalewa

Tchuthi cha Ogasiti 2024 ndinapita kwa amayi, kumapiri a Neno. Batire la sola la pakhomopo linali litafa, ndiye foni yanga inazima tsiku lachiwiri. Sindinavutike kukatchajitsa kumsika. Ndinaiponya pansi pa chikwama.

Masiku awiri oyamba ndinkadzukabe kanayi, kuyenda ndi tochi kuzizira kuja kukafika kuchimbudzi kuseri kwa khola. Tsiku lachitatu kawiri. Tsiku lachisanu ndinadzidzimuka tambala akulira, ndipo ndinakhala tsonga pamphasa kuwerengera: ndinagona cha m'ma 8 koloko, sindinadzuke ngakhale kamodzi. Khala lija linalipo, koma ngati la dzulo, lokwiririka m'phulusa. Chonsecho tiyi ndinkamwa, wa masamba ambiri ngati mmene amayi amaphikira. Ndinkakumba nawo mbatata, kusenda nandolo, kukhala padzuwa. Amayi anandiyang'ana tsiku lina n'kuti, "Mwanawe, nkhope yabwereratu. M'tauni muja amakudyetsani chiyani?"

Nditakwanitsa masiku 9 ndinatsika pa njinga yamoto mpaka pa Zalewa. Msewu wa ku Neno amene anauyendapo akudziwa mmene umagwedezera munthu, koma ndinafika bwinobwino, osapempha wakabaza kuti aime ngakhale pamodzi. Podikira minibasi ndinapereka foni pa kashopu kena kotchajitsa. Patapita mphindi 20 ndinaitenga n'kuiyatsa.

Inayamba kunjenjemera m'dzanja langa osalekeza. Mauthenga a WhatsApp a gulu la banki m'khonde, dzina langa litalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu. Mauthenga osonyeza kuti wakatapila anaimba maulendo 14. Uthenga wa mng'ono wanga. Ndisanatsegule ngakhale umodzi, foni inalira, ndipo nambala yake ndinaizindikira.

Sindinayankhe. Ndinangoima pamenepo, anyamata ogulitsa mazira owiritsa akundizungulira, magalimoto a katundu akudutsa pamlatho wa Shire. Ndipo ndinalimva khala lija likuyaka, pang'onopang'ono, monga wina akuliuzira. Mphindi zisanu zisanathe ndinali ndikufunsa komwe kuli chimbudzi. Ndinali nditataya madzi ndisanayatse foniyo. Sindinadye kanthu, sindinamwe kanthu. Palibe kachilombo kamene kakanalowa m'thupi mwanga n'kuswana m'mphindi zisanu.

Ulendo wa ku Blantyre ndinatsika kawiri, pa Mdeka ndi pa Lunzu, kondakitala akung'ung'udza. Koma chimene chinkandiwawa kwambiri m'minibasimo chinali manyazi. Ndinkangoona nkhope ya mnyamata wa kuchipatala uja. Kodi ndiye kuti ankanena zoona? Kodi chaka chonsechi ndakhala ndikudzipweteka ndekha?

Ndinafika kunyumba ndikulira. Bambo a kunyumba anaganiza kuti kumudzi kwagwa zovuta.

## Chithunzi cha kuseri kwa buku

Patapita milungu itatu ndinaonana ndi dokotala wina wachikulire, mayi wa imvi, amene mnzanga wa kuntchito anandilozera. Anandiyang'ana m'chikhodzodzo ndi kakamera kolowetsa panjira ya mkodzo, kuti atsimikize kuti mulibe chotupa, mwala kapena zipsera za likodzo. Munalibe. Kenako ndinawafotokozera za pa Zalewa, mutu uli pansi, ngati ndikuulula tchimo.

Sanaseke, sanadabwenso. Anatembenuza buku langa n'kujambula kuseri kwake: mutu pamwamba, mzere wa msana, kathumba pansi. Anajambula muvi wokwera ndi muvi wotsika.

"Madamu, mumaphunzitsa Biology eti? Mwana akamalowa m'chipinda cha mayeso amafuna chiyani?"

"Kutaya madzi."

"Akunama?"

Ndinakhala chete.

"Thupi lanu likuchita zomwezo, kungoti lakhala likulemba mayeso tsiku lililonse kwa chaka ndi theka. Ululuwo ulipo, uli m'mnofu. Maganizo ali ndi njira yake yofikira kumeneko, ndipo njirayo ndi mitsempha ndi timadzi ta m'thupi, zomwe inu mumajambula pabolodi."

Anandiuza dzina la vutoli: bladder pain syndrome, ena amati interstitial cystitis. Amalitchula choncho munthu akakhala ndi ululu wa chikhodzodzo ndi kukodza pafupipafupi kwa milungu yoposa 6, tizilombo ndi matenda ena atafufuzidwa osapezeka. Ambiri odwala ndi amayi, koma abambo nawo amadwala, ndipo kawirikawiri iwowo amauzidwa kuti vuto ndi prostate, kachiwalo ka abambo ka pansi pa chikhodzodzo. Dokotala wina wa ku Baltimore, Guy Hunner, anafotokoza zilonda za pakhoma la chikhodzodzo zaka zoposa 100 zapitazo, ndipo mpaka lero zimatchedwa ndi dzina lake, koma odwala ochepa okha ndi amene amakhala nazo. Ambirife kamera imaonetsa chikhodzodzo chooneka bwino. N'chifukwa chake timabwezedwa.

Ndinachita manyazi a mtundu wina tsopano. Zaka 11 ndakhala ndikuphunzitsa za adrenaline, kuuza ana kuti mtima umathamanga, m'kamwa mumauma, thukuta limatuluka. Phunziro la impso ndi chikhodzodzo limabwera pa mutu wina, teremu ina. Sindinaganizepo zolumikiza masamba awiriwo.

## Muvi wotsika

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuwerenga usiku, poti tulo panalibe kale. Ndikuuzani zimene ndinamvetsa, mmene ndingauzire ana anga a Fomu 4.

Chikhodzodzo cha munthu wamkulu chimasunga mamililita 400 mpaka 500, pafupifupi botolo laling'ono la madzi ogula. Chikamadzaza chimatumiza uthenga kudzera kumunsi kwa msana kupita ku ubongo. Kutsinde kwa ubongo kuli kachigawo kakang'ono kamene kamalamula kuti tsegula kapena dikira. Dokotala wa ku London, Barrington, ndiye anakapeza mu 1925 pofufuza amphaka, ndipo kamadziwika ndi dzina lake. Chimene chinandiimitsa ndi ichi: maselo ambiri a m'kachigawo kameneka amapanga CRF, timadzi timene thupi limayambira nato kulengeza kuti kwagwa zoopsa. Wylie Vale ndi anzake ku Salk Institute ku California ndi amene anatulukira CRF mu 1981. Ndi CRF imene imauza kachiwalo ka pansi pa ubongo kotchedwa pituitary kuti kadzutse tiziwalo ta pamwamba pa impso, tija timatulutsa cortisol, timadzi ta nthawi ya kupanikizika. Ndiye mlonda wa pachipata cha mkodzo ndi woimba lipenga la nkhondo amagona m'nyumba imodzi. Khomo loyandikana nalo kuli locus coeruleus, kumene kumachokera noradrenaline wambiri wa mu ubongo, uja amakudzutsa ukamva phazi panja usiku. Chikhodzodzo chikadzaza, kachigawo ka Barrington kamagogoda kumeneko kuti munthu akhale tcheru. Ukakhala tcheru kale chifukwa cha wakatapila, kugogoda pang'ono kumamveka ngati akuthyola chitseko.

Kumunsi nakonso kuli nkhani. Pakhoma la chikhodzodzo, moyandikana kwambiri ndi mitsempha, pali maselo otchedwa mast cells, amene Paul Ehrlich anawafotokoza mu 1878. Ali ngati timatumba todzaza ndi histamine ndi zina zoyabwitsa. Ndi omwe aja amatupitsa khungu njuchi ikakuluma. Akatswiri a ku Tufts University ku Boston, motsogozedwa ndi Theoharides, anaonetsa kuti khoswe ukangomutsekera malo opanikiza osamuvulaza paliponse, maselo amenewa m'chikhodzodzo chake amatsanula katundu wawo. Mitsempha ya ululu nayo simangonyamula uthenga kupita kumwamba. Kumapeto kwake imalavula timadzi totchedwa substance P, timene timaputa mast cells, ndipo mast cells zikatsanula zimaputanso mtsempha. Awiriwa amangopatsirana moto.

Pali china chotchedwa nerve growth factor, chimene Rita Levi-Montalcini analandirira mphoto ya Nobel mu 1986 limodzi ndi Stanley Cohen. Ntchito yake ndi kulera mitsempha. Chikachuluka pamalo otupa, mitsempha ya ululu imayamba kumva msanga kuposa kale. M'chikhodzodzo muli mitsempha ina yopyapyala, ma C-fibre, imene nthawi zambiri imangogona. Siilowerera nkhani ya kudzaza kwa tsiku ndi tsiku. Matenda akabwera imadzuka. Ndikukhulupirira kuti yanga inadzutsidwa ndi UTI yeniyeni ija ya 2023. Tizilombo tinafa ndi mankhwala, koma ngongole inabwera mitsemphayo isanagonenso.

Ndiye pali msana. Mu 1983 Clifford Woolf anaonetsa kuti mauthenga a ululu akamabwera mosalekeza, maselo a mu msana amene amawalandira amasintha: amayamba kukweza mawu. Uthenga waung'ono umafika ku ubongo uli waukulu. Kunyumba kwa amayi kuli galu amene akuba anam'menyapo ndi chikwanje. Bala linapola kalekale, koma mpaka lero tsamba la mango likagwa padenga usiku amauwa mpaka mudzi wonse kudzuka. Galuyo sakunamizira mantha. Masipuni ochepa a mkodzo kwa ine anali tsamba la mango lija.

Ubongo uli ndi mabuleki ake, mitsempha yotsika mu msana imene imachepetsa uthenga wa ululu pogwiritsa ntchito noradrenaline, serotonin ndi timadzi tofanana ndi morphine timene thupi limapanga lokha. N'chifukwa chake munthu wothawa ngozi amazindikira bala atafika kale kutali. Kupanikizika kwa mphindi zochepa kumaponda mabuleki amenewa. Kwa miyezi ndi miyezi, kuphatikiza kusagona, kumawadya mpaka kutha.

## Khoswe pa kachilumba, mphaka pa nyumba ya eni

Mwina mukuti, zonsezi zikhoza kukhala kudzitonthoza kwa munthu wofuna kuti matenda ake akhale ndi dzina la Chingerezi. Inenso ndinadzifunsa. Zimene zinandikhazika mtima pansi ndi nyama, chifukwa khoswe sadziwa kunamizira, ndipo palibe angamuuze kuti achepetse kuganiza.

Ofufuza a ku yunivesite ya UCLA ku Los Angeles ali ndi njira ina yosavuta. Amaika khoswe pa kathabwa kakang'ono pakati pa beseni la madzi, ola limodzi patsiku, masiku 10. Samumenya, samubaya, madziwo samukhudza n'komwe. Amangokhala pamenepo wopanda kothawira. Pambuyo pake matumbo a khosweyo amamva kuwawa ndi kufufuma kumene kale sankakumva, ndipo zimakhalabe choncho kwa milungu beseni litachotsedwa. Ena anachita zomwezo n'kuyang'ana chikhodzodzo: khosweyo amakodza pafupipafupi, tochepatochepa, ndipo chikhodzodzo chimamva ululu msanga. Nditawerenga ndinazimitsa foni n'kuyang'ana kudenga. Kathabwa pakati pa madzi, wopanda kothawira. Ndani wa ife amene ali ndi ngongole ya katapila sakudziwa kathabwa kameneko?

Za amphaka zinandiseketsa poyamba, poti kwathu mphaka ntchito yake ndi makoswe, sapita kwa dokotala. Koma ku America amphaka osungidwa m'nyumba amadwala matenda ofanana kwambiri ndi angawa: kukodza pafupipafupi, movutika, nthawi zina magazi, tizilombo osapezeka. Tony Buffington, dokotala wa ziweto ku Ohio State University, anawafufuza kwa zaka zambiri. Anapeza kuti amphaka amenewa ali ndi noradrenaline wochuluka, pamene tiziwalo tawo ta pamwamba pa impso n'tating'ono poyerekeza ndi ta amphaka anzawo. Kunena kwina, moto ndi wambiri, madzi ozimitsira ndi ochepa. Chodabwitsa n'chakuti akawapatsa malo abata, pobisala, chakudya pa nthawi yake ndi wowasamalira mmodzimodzi, zizindikiro zimachepa kwambiri. Akasokoneza ndondomekoyo, kusintha wowasamalira kapena nthawi ya chakudya, amayamba kusanza, kukana kudya, kukodza pena paliponse. Masiku anga 9 a ku Neno anali chimodzimodzi: nsima pa nthawi yake, kugona ndi nkhuku, nkhope imodzi ya amayi.

Pa anthu zinayesedwanso. Ku University of Iowa anapatsa odwala matendawa ntchito zopanikiza ubongo kwa kanthawi kochepa, ndipo ululu ndi kufuna kukodza zinakwera, pamene anthu abwinobwino sanamve kanthu. Pamenepa mpamene ndimasiyana ndi mnyamata wa kuchipatala uja. Maganizo aliyense ali nawo; Malawi yense ali ndi ngongole, koma si onse akuthamangira kuchimbudzi. Pamafunika thupi limene mitsempha yake inakwezedwa kale. Iye anaona mbali imodzi ya nkhani n'kutseka buku. Liwu limene linandipweteka ndi lija lakuti "chabe."

## Anansi a khoma limodzi

Dokotala wachikulire uja anandifunsa funso limene wina aliyense sanandifunsepo: "Nanga m'mimba mumayenda bwanji?" Ndinadabwa, chifukwa ndinali ndisanatchule. Kuyambira ndili ku koleji mimba yanga imafufuma, sabata ino kudzimbidwa, sabata yamawa kutsegula, makamaka nthawi ya mayeso. Ndinkangoti ndi nyemba.

Anati matumbo akumunsi, chikhodzodzo ndi chiberekero zimatumiza mauthenga awo pa zigawo zoyandikana za msana, ndipo mitsempha ina imagawika, nthambi ina ku thumbo, ina ku chikhodzodzo. Zili ngati nyumba za lendi za khoma limodzi: kwa aneba kukayaka moto, utsi umalowa kwanu. Pa makoswe zinaonetsedwa kuti ukatupitsa thumbo lokha, chikhodzodzo chosakhudzidwa chimayamba kuvuta. N'chifukwa chakenso ululu wa ziwalo za m'kati suloza malo amodzi ngati bala la mpeni. Mitsempha ya m'kati ndi yochepa ndipo uthenga wake umamwazikana mu msana, ndiye ukafunsidwa kuti pakuwawa ndi pati umangoyendetsa dzanja pamimba ponse, kumsana, mpaka m'ntchafu. Wokufunsayo amayamba kukukayikira.

Ku America boma linakhazikitsa gulu la ofufuza lotchedwa MAPP mu 2008 kuti lifufuze ululu wa m'chiuno woterewu mwa amayi ndi abambo. Chimodzi mwa zimene anapeza n'chakuti odwala ambiri samva kuwawa pa chikhodzodzo pokha. Amakhalanso ndi vuto la matumbo la IBS, kuphwanya kwa thupi lonse, mutu waching'alang'ala, kutopa kosatha. Mu 2017 bungwe la padziko lonse la akatswiri a ululu, IASP, linavomereza liwu latsopano, nociplastic pain, la ululu wobwera chifukwa choti kamvedwe ka mitsempha kasintha, ngakhale bala kapena mtsempha woduka sizikuoneka. Ndimaganiza za amayi angati m'mizere ya zipatala zathu amene amanena kuti "thupi lonse likuwawa" n'kupatsidwa panado ndi LA.

## Kambuzi, piritsi la usiku ndi zina

Ndimakonda tsabola wa kambuzi moti kale ndinkayenda naye m'kabotolo. Pa mitsempha ya ululu pali kachitseko kotchedwa TRPV1, kamene David Julius anakatulukira mu 1997 pogwiritsa ntchito capsaicin, chimene chimawawitsa tsabola. Analandira Nobel mu 2021. Kachitseko kameneka kamatseguka ndi tsabola, kutentha ndi asidi, ndipo m'chikhodzodzo kaliponso. Mitsempha ikakhala yokwezedwa kale, kamatseguka msanga. Ndinayesa kusiya zinthu chimodzichimodzi kwa milungu iwiri n'kumalemba m'kope. Kambuzi anapezeka wolakwa. Khofi ndi zakumwa za gasi chimodzimodzi. Tomato alibe mlandu, mwamwayi, chifukwa ndiwo zopanda tomato si ndiwo. Tiyi ndi wachiphamaso: kumudzi sandivuta, kumapeto kwa mwezi m'tauni amandivuta.

Dokotala anandiyambitsa amitriptyline, theka la piritsi la 25 mg usiku, n'kumakweza pang'onopang'ono. Nditaona pa intaneti kuti ndi mankhwala a matenda a kukhumudwa ndinabwerera nditakwiya, kuti nanunso mwayamba zomwe zija? Anandifotokozera kuti pa mlingo wochepa chonchi ntchito yake ndi kulimbitsa mabuleki aja a mu msana, kutsekereza histamine, ndi kugonetsa. Amaumitsa kukamwa, m'mawa mutu umalemera, ndipo ukapanda kusamala amadzimbitsa. Si onse amawathandiza, ndipo si omwa popanda dokotala. Ine anandichotsa pa kudzuka kasanu kufika kawiri.

Chinthu china sindinkachidziwa n'komwe: minofu ya pansi pa chiuno. Munthu ukamamva kuwawa ndiponso kuopa kudzikodzera pamaso pa ana asukulu, umamanga minofu imeneyo tsiku lonse osadziwa, monga ena amalumira mano. Ikatopa imayamba kuwawa payokha. Ndinali nditayamba masewera aja a Kegel, omangitsa minofu imeneyo, chifukwa ndinawaona pa Facebook. Dokotala anandiletsa, anati pa vuto langa amawonjezera moto. Pa kafukufuku wa ku America wa 2012, amayi 59 pa 100 alionse amene anathandizidwa ndi katswiri womasula minofu imeneyi anapeza bwino, poyerekeza ndi 26 pa 100 mwa amene anangosisitidwa thupi wamba. Ine ndinaphunzitsidwa kugona chagada, mawondo m'mwamba, kupuma ndi mimba pang'onopang'ono, n'kumasula pansipo ngati ndikufuna kutaya madzi koma osataya. Botolo la madzi ofunda pachinena limathandiza kuposa mmene mungaganizire.

Maantibayotiki ndinasiya kumwa mwachisawawa. Lamulo limene tinagwirizana ndi lakuti ululu ukasintha mtundu, kapena ndikatentha thupi, kapena ndikaona magazi, ndipite akayeze mkodzo kaye, chifukwa munthu wa vuto langa UTI yeniyeni imam'gwiranso. Zinachitikapo kamodzi, ndipo mankhwala anagwira ntchito m'masiku atatu.

## Loweruka, 10 koloko

Mbali yovuta inali ya foni. Palibe piritsi la katapila. Zoti "muzichepetsa kuganiza" n'zosavuta kunena kwa munthu amene dzina lake silinalembedwe ndi zilembo zikuluzikulu pa gulu la WhatsApp.

Chimene ndinaphunzira kwa khoswe ndi mphaka n'chakuti thupi limazunzika kwambiri ndi chinthu chobwera nthawi iliyonse, chimene sungachiletse. Ngongole sindikanaichotsa, koma nthawi yake yobwerera ndikanaikonza. Ndinapita ndekha kwa wakatapila uja, miyendo ikunjenjemera, nditataya madzi kawiri panjira.

"Achimwene, ndalama yanu ndibweza, koma musamandiimbire. Loweruka lililonse 10 koloko ndizibwera ndekha ndi imene ndapeza."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Madamu, mukadzangophonya Loweruka limodzi, ndidzabwera kusukulu."

"Ndamva."

Ku banki m'khonde ndinaimirira pa msonkhano n'kunena zonse, kuphatikizapo za matenda. Ndinkayembekeza kunyozedwa. Amayi awiri ananditsatira panja, aliyense payekha, kudzandinong'oneza kuti nawonso amadzuka kasanu usiku, ndipo mmodzi anali atamwa ciprofloxacin maulendo osawerengeka. Ndinamuuza kuti akayambe wayezetsa likodzo ndi shuga.

Ndinasinthanso kaliridwe ka foni, chifukwa nyimbo yakale ija ndikangoimva, ngakhale m'thumba la munthu wina mu minibasi, pachinena pankagwira. Foni imazima 7 koloko madzulo. Mng'ono wanga anadandaula, kenako anazolowera.

Sindinachire. Mwezi watha, sabata imene malipiro anachedwa, ndinabwerera pa maulendo 15 patsiku, ndipo ndinagona ndi botolo la madzi ofunda masiku anayi. Koma piriyodi ya mphindi 40 tsopano ndimaimaliza masiku ambiri, ndipo teremu yapitayi ndinaphunzitsa adrenaline ndi chikhodzodzo tsiku limodzi, ndi chithunzi chija cha mivi iwiri pabolodi. Mtsikana wina wa kumbuyo anakweza dzanja.

"Madamu, ndiye zija mumatuluka zija, mumaopa ifeyo?"

Kalasi yonse inafa ndi phwete. Ndinamuuza kuti ayi, ndimaopa Loweruka. Sanamve, ndipo belu linalira ndisanafotokoze. Kwa achimwene aja kwatsala Maloweruka 7.